Ndimalalikira ena ku Joni, koma ndekha pemphero likundikanika

Funso

Abusa, kwathu ndi ku Dowa, ndinakulira mu CCAP, ndipo ndakhala ku Johannesburg zaka 6 ndikugwira ntchito yomanga. Mkazi wanga ndi ana atatu ali kumudzi. Zaka zitatu zapitazo ine ndi anzanga anayi tinayamba kupemphera m'galaja ina ku Rosettenville, chifukwa tinkalakalaka kuyimba ndi kumva Mawu m'Chichewa. Tinachuluka mpaka kufika 60. Lero tikakwana 12 ndiye kuti kwabwera anthu. Ena anabwerera kumudzi, ena anagwidwa chifukwa cha mapepala, ena anatsatira mneneri wina amene akulonjeza ntchito. Chaka chatha mayi wina wa mumpingo anamwalira, ndipo pa ndalama zotumizira thupi kumudzi panamveka mawu akuti ndinadyapo, chikhalirecho ndinawonjezera zanga. Ntchito yanga inatha mu Febuluwale. Lendi ya galaja ndikulipira ndi ndalama za maganyu zoti ndikanatumiza kunyumba, ndipo mkazi wanga sakudziwa. Lamulungu lililonse ndimayima n'kulalikira, koma ndikakhala ndekha pemphero silituluka. Kodi Mulungu anandituma, kapena ndinadzituma ndekha? Nanga chikhulupirirochi ndichisunge bwanji?

Yankho

Mbale wanga, galaja yanuyo sindinalowemo, koma ndikuyidziwa. Chitseko chachitsulo chokankhira m'mwamba, pansi pothimbirira ndi oyilo wa galimoto, mipando ya pulasitiki yosanjikizidwa pakona, ndipo mu Juni kuzizira kumadzera pansi pa simenti mpaka kukafika m'mawondo, amayi atafunda mabulangete, hita ya parafini ikununkha pakati. Ndinatumikira anthu athu m'malo otere kwa zaka zingapo ndisanabwerere kumudzi. Ndikudziwanso ulendo wa Lamulungu madzulo, pamene mwatseka chitseko chija, mwawerenga chopereka chosakwana ngakhale theka la lendi, n'kumayenda nokha kupita kokwerera teksi muli ndi Baibulo m'khwapa, mtima uli zii.

Ndiyambe ndi pemphero, chifukwa ndi pamene pakupweteka kwambiri.

Mukawerenga 1 Mafumu 19 mupeza Eliya atangochoka kumene pa phiri la Karimeli, pomwe moto unatsika anthu onse akuona. Patangopita nthawi yochepa munthu yemweyo ali m'chipululu pansi pa kamtengo, akupempha kuti angofa. Taonani chimene Mulungu anachita. Sanamufunse kuti chikhulupiriro chako chapita kuti. Anamulola kugona, anamupatsa mkate ndi madzi, anagonanso, anamudzutsa kuti adyenso. Zokambirana zinadza pambuyo, ndipo zitadza Mulungu anamuuza zinthu ziwiri: kuti sanatsale yekha, alipo ena 7,000, ndiponso kuti akadzoze Elisa woti azigwira naye ntchito. Inu mwatha miyezi mukudzuka m'mamawa kukaima pamsewu kudikira ganyu, mukudya kamodzi, usiku mukuwerengera ngongole, kenako Loweruka usiku mukukonza ulaliki. Thupi lotere likagwada, chimene limapempha ndi tulo. Kuuma kumene mukukumvaku mbali yaikulu ndi kutopa ndi chisoni, ndipo si tchimo.

Pamene mawu anu atha, bwerekani a ena. Tsegulani Masalmo n'kuwerenga mokweza, ngakhale mtima usakutsatireni. Yambani ndi 13, 42, 77 ndi 88. Salmo 88 lija limatha mumdima osatulukamo, koma analiyika m'buku la mapemphero a anthu a Mulungu, kusonyeza kuti kudandaula pamaso pake ndi pemphero ndithu. Nenani Pemphero la Ambuye m'mawa ndi madzulo monga munkanenera ku Sande sukulu. Yimbani nyimbo imodzi ya m'buku imene amayi anu ankayimba posinja. Paulo pa Aroma 8:26 akuvomera kuti sitidziwa kupempha koyenera, ndi kuti Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosatheka kuneneka. Ndi Paulo yemweyo amene pa 2 Akorinto 1:8 akuulula kuti ku Asiya analemedwa mpaka kutaya chiyembekezo choti akhala ndi moyo. Sanabise, analembera mpingo wonse.

Pano ndinene mosapita m'mbali. Ngati tulo takusowani kwa masabata ambiri, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, pitani kukiliniki sabata ino, kapena yimbirani bungwe la SADAG limene limathandiza anthu ovutika maganizo ku South Africa konko. Abambo athu ambiri ku Joni amafera m'kati chifukwa choopa kunenedwa kuti ndi ofooka. Mtsogoleri wa mpingo akapita kwa dokotala sanakane Yesu.

Tsopano funso lanu lalikulu, loti kodi munatumidwa. Ndikuona kuti yankho mukulifuna m'chiwerengero: 60 ndiye kuti Mulungu analipo, 12 ndiye kuti wachoka. Muyezo umenewo ukanakhala woona, Chikhristu sichikanafika n'komwe kwathu. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875. Pofika 1881, pamene ankasamukira ku Bandawe chifukwa cha malungo, anasiya manda asanu a anzawo, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Pakati pa anthu oyambirira aja panali Akhristu achikhosa ochokera ku sukulu ya mishoni ya Lovedale, ku South Africa komweko kumene inu muli. Shadrach Mngunana anamwalira mu 1877, atangotumikira pang'ono. William Koyi anapita kwa Angoni a M'mbelwa, nakhala ku Njuyu zaka zingapo mafumu asanalole ngakhale sukulu, ndipo anamwalira mu 1886. Angoni oyamba anabatizidwa mu 1890, iye ali m'manda. Koyi anali mlendo kwa eni ngati inu, wopanda chomuteteza kupatula ulemu wake ndi chilankhulo chimene Angoni ankachimva. Ndikaganiza za iye ndimaona kuti inu mukungobweza ulendo umene iye anayenda.

Nkhani ina ili pafupi kwambiri ndi yanu. Anthu a kwathu amene ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) anayamba okha kusonkhana ndi kupemphera m'chilankhulo chawo, kenako anapempha mipingo ya kumudzi kuti iwatumizire mbusa. Mu 1912 kunapita T.C.B. Vlok, yemwe uja anayambitsa Mvera kwanu ku Dowa pamodzi ndi A.C. Murray mu 1889. Sinodi ya Harare inadzakhazikika mu 1965, patapita zaka zoposa 50. Anthu amene anayamba ntchitoyo anali apaulendo, lero ali pafamu iyi, mawa abwerera kumudzi, ena anakhala matchona. Ambiri sanaione sinodiyo.

Chimene ndikufuna mumvetse ndi chikhalidwe cha mpingo wa anthu apaulendo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kumudzi munthu amabatizidwa, kukwatira ndi kuyikidwa m'manda pa tchalitchi chimodzi. Ku Joni munthu amakhala nanu miyezi isanu ndi umodzi, bwana akasamukira ku Pretoria nayenso wapita, pasipoti ikatha masiku wapita, mayi ake akadwala kumudzi wakwera basi ku Park Station. Anthu 48 amene simukuwaonawo sanatayike onse. Alipo mnyamata amene anasiya mowa m'galaja mwanumo ndipo lero akuyimba kwaya ku Mponela. Alipo mayi amene anaphunzira kutsogolera pemphero pa mipando ya pulasitiki ija ndipo lero ali m'Chigwirizano kwawo. Ine nditabwerera kumudzi ndinadabwa kuyimitsidwa pamsika ndi bambo wina amene ndinali nditamuyiwala, nandionetsa mkazi wake ndi ana, nanena kuti banja lawo linapulumuka chifukwa cha mawu amene tinakambirana tsiku lina mvula itatitsekera m'galaja. Tsiku limenelo ine ndinaliwerenga ngati lotayika, chifukwa kunabwera anthu asanu.

Komabe funso la mayitanidwe simungaliyankhe nokha muli m'chipinda usiku, mimba ili pululu. Mutu umodzi susenza denga. Mpingo wa ku Antiokeya unayambitsidwa ndi anthu obalalika chifukwa cha mazunzo, amene mayina awo sanalembedwe n'komwe (Machitidwe 11:19-21), koma mbiri itamveka ku Yerusalemu anatumizako Barnaba, ndipo Barnaba anakatenga Saulo. Ntchito yoyambitsidwa ndi anthu wamba inalumikizidwa ndi mpingo waukulu. M'kalata mwanu sindinamve za mbusa aliyense amene amakufunsani kuti muli bwanji. Ndani amakubatizirani ana? Ndani amakudyetsani Mgonero inuyo? Lemberani abusa a mpingo wanu wa kumudzi, muwafotokozere zonse monga mwandifotokozera ine. Funani mipingo ya CCAP ya Amalawi imene ili kale ku Johannesburg, mukadzionetse kwa abusa ndi akulu ampingo akumeneko. N'kutheka kuti gulu lanu liyenera kukhala mlaga wa mpingo wina, mbusa azibwera kamodzi pamwezi, inu muzitsogolera masabata enawo. Ena amaona ngati kumeneko n'kutsika. Ine ndimaona kuti n'kupeza denga. Ndaona amuna abwino ambiri akuwonongeka chifukwa chokana kukhala pansi pa wina aliyense, ndipo kuwonongeka kwawo kunkayamba ndi kusungulumwa, osati ndi tchimo lalikulu.

Nkhani ya ndalama ndikhalitsapo, chifukwa ndi imene yapha timipingo tambiri ta anthu athu kunja kuposa apolisi kapena aneneri.

Choyamba, lekani kulipira lendi ya galaja ndi chakudya cha ana anu. Ndikunena izi mwachikondi, koma sindikuchotserapo kanthu. Pa 1 Timoteyo 5:8 pali mawu olemera kwa munthu wosasamalira a m'banja mwake, ndipo palibe pamene anapatulapo alaliki. Mayi a kunyumba akuganiza kuti ku Joni kwauma, pamene ndalama zilipo koma zikupita kwa mwini galaja. Tsiku limene adzamve kwa wina, bala lake lidzakhala lalikulu kuposa njala. Ndiponso chinsinsi chimenechi chili m'gulu la zinthu zimene zikutsekereza pemphero lanu. N'kovuta kutsegula mtima kwa Mulungu pamene mwautseka kwa munthu amene munalumbira naye pamaso pa Mulunguyo. Ayimbireni. Osati meseji ya pa WhatsApp, ayimbireni amve mawu anu, muwauze zoona, mupepese, ndipo muwafunse maganizo awo pa za mpingowu. Iwonso akulipira mtengo wa utumikiwu, choncho ali ndi mawu.

Anthu 12 safunika galaja. Akula ndi Priskila anali othamangitsidwa ku Roma ndi lamulo la Klaudiyo, anafika ku Korinto ngati alendo, ankasoka mahema, ndipo Paulo anakhala nawo n'kumasoka nawo limodzi (Machitidwe 18:1-3). Mpingo unkasonkhana m'nyumba mwawo. Muzisinthana zipinda, kapena pemphani tchalitchi china chapafupi chikubwerekeni malo masana mapemphero awo akatha. Matchalitchi ambiri a m'tauni akale ali ndi malo ndipo anazolowera kulandira magulu a zilankhulo zina. Ngati anthu anu akufunadi galajayo, awuzeni mtengo wake poyera, asankhe okha ngati angaukwanitse. Mpaka lero mwina akuganiza kuti zonse zili bwino chifukwa inu mumangoti Ambuye apereka.

Za maliro zija. Kunyamula thupi kuchokera ku Johannesburg, kudutsa Beitbridge, Zimbabwe yonse, Tete, mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, kumadya ndalama zambiri, ndipo mapepala ake ndi ochuluka. Anthu amasonkha ali ndi misozi, ndipo pakapita masabata amayamba kufunsana kuti zija zinayenda bwanji. Inenso zinandigwera. Tinatumiza thupi la mnyamata wina, ndalama zonse zinadutsa m'manja mwanga, ndipo patapita mwezi ndinamva kuti ndagulira malata. Ndinakhala chete, ndikudziuza kuti Yesu nayenso sanayankhe omuneneza. Anthu anayamba kuchepa. Tsiku lina gogo wina amene ankagwira ntchito ya m'nyumba anatsalira ena atapita, nandiuza kuti, "Abusa, ife sitikuti munaba, koma bweretsani kope tione." Ndinalibe kope. Ndinali ndi malisiti ochepa m'thumba la jekete ndi mtima woyera, ndipo mtima woyera suwerengeka pamaso pa anthu. Kulakwa kunali kwanga. Paulo potenga chopereka cha ku Yerusalemu sanayende yekha, anayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo, ndipo ananena chifukwa chake pa 2 Akorinto 8:20-21, kuti pasapezeke womunena, ndi kuti zinthu zikhale zokoma pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa anthu omwe.

Choncho sonkhanitsani malisiti amene mungawapeze, funsani kampani ya maliro ikupatseni kope la zimene munalipira, lembani amene anasonkha ndi zimene zinatuluka, ndipo muwerenge pamaso pa onse, oneneza aja ataitanidwa mwaulemu. Musakalipe, musatchule dzina la munthu. Kuyambira pamenepo inu musagwirenso ndalama ya mpingo. Pakhale msungichuma ndi mlembi osankhidwa ndi anthu, chopereka chiziwerengedwa ndi awiri anthu asanabalalike, ndipo kope liziwerengedwa mwezi uliwonse. Thumba la maliro likhale lapadera ndi komiti yakeyake, aliyense aziponya kangachepe mwezi ndi mwezi kapena alowe inshuwalansi ya maliro imene imanyamula thupi mpaka kumudzi. Mukadzakhazikika, lamulo la 1997 la mabungwe osachita phindu limalola mpingo kulembetsa ku Department of Social Development ngati uli ndi malamulo ake olembedwa, ndipo zimenezi zimathandiza potsegula akaunti ya ku banki yosayinira anthu awiri. Ndi ntchito yotopetsa, koma imateteza dzina lanu ndi dzina la Ambuye.

Za mneneri uja, musalimbane naye ndipo musamutengere. Anthu amene anapita kumeneko musawanyoze paguwa. Munthu amene watha miyezi itatu osagwira ntchito, mwini nyumba akugogoda, kumudzi akufunsa za feteleza, akamva kuti kwinakwake kuli mafuta otsegula mwayi amapita, ndipo ambiri adzabwerera ali chimanjamanja ndi manyazi. Chitseko chanu chikhale chosavuta kulowanso. Nkhaniyi si yatsopano. Ayuda ali ku ukapolo ku Babulo, mneneri Hananiya analonjeza kuti m'zaka ziwiri zonse zitha. Yeremiya anawalembera kalata yonena zaka 70, nawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, ndipo afunire mtendere mzinda umene akukhalamo, aziwupempherera (Yeremiya 28 ndi 29). Uthenga wa Hananiya unali wokoma m'makutu. Umene unasunga anthu ndi wa Yeremiya. Yesero lanu lalikulu miyezi ikubwerayi lidzakhala lofuna kulonjeza zimene Mulungu sanakuuzeni kuti mipando idzadze. Mukatero mipando ikhoza kudzadza, koma inu mudzadziwa m'kati kuti mukunama, ndipo chikhulupiriro chimene mukufuna kusungachi chidzathera pomwepo.

Chimene mungapereke ndi chocheperapo koma chenicheni. Wina akamva kuti pamalo ena akufuna omanga kapena wantchito wa m'nyumba, auze anzake. Wina akagwidwa n'kutengeredwa ku Lindela, malo osungirako alendo opanda mapepala ku Krugersdorp, pakhale womuyendera ndi wodziwitsa abale ake kumudzi. Dziwani kumene kuli mabungwe othandiza alendo pa za malamulo, monga Lawyers for Human Rights, ndipo limbikitsani anthu anu, inunso momwemo, kukonza mapepala mwa njira yoyenera m'malo mogula zitupa zachinyengo zimene zimathera m'ndende.

Mawu a Yeremiya oti tifunire mtendere mzindawo ndi ovuta kwa munthu amene anaona zimene anthu athu aona. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu 2015 zinabukanso ku Durban, boma lathu mpaka linatumiza mabasi kukatenga anthu. Mantha amenewo sanathe. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, timadziwa. Koma kumbukiraninso kuti m'masiku ovuta amenewo matchalitchi a eni dziko anatsegula zitseko, ndipo Central Methodist pakati pa Johannesburg inasunga alendo ambirimbiri kwa zaka. Muli ndi abale pakati pa Azulu, Asotho ndi Akhosa amene simunawadziwe. Pitani ku msonkhano wa abusa a m'dera lanu ngakhale Chingerezi chikhale chothyokathyoka. Moni kwa oyandikana ndi galaja, kutsitsa zokuzira mawu, kupita pa maliro a mnansi amene si Mmalawi, zimenezi zimamanga mpanda umene loko sangamange. Ndipo ana obadwira konko, amene Chichewa amachimva koma amayankha m'Chizulu, apatseni nyimbo imodzi ndi vesi limodzi m'chilankhulo chimene amaganizira, kuti asakule akuyesa kuti Mulungu ndi wa makolo awo okha.

Pali chinthu china chimene abusa ambiri sanganene, koma ine ndinena. N'kutheka kuti mutakambirana ndi mayi a kunyumba, ndi abusa, ndi anthu 12 aja, muona kuti nthawi yanu ku Joni yatha, kapena kuti gululi liphatikane ndi mpingo wina. Zikatero simunagwe. Munabatizidwa musanakhale mtsogoleri, ndipo Yesu anakuferani galajayo isanamangidwe. Mukadzachoka, chokani bwino: kope lili poyera, ngongole ya lendi mwakambirana ndi mwini wake, munthu aliyense mwamupezera kopemphera. Ngati muona kuti mukhalebe, khalani ngati mmodzi mwa anthu 12, osati ngati munthu wosenza anthu 60 amene kulibe.

Lamulungu likudzali musatsitse mipando yonse ija pakona. Tengani 12 yokha, muyiyike mozungulira. Musakonze ulaliki wautali. Werengani Salmo 42, kenako muwauze anthu anu zoona, kuti ntchito inatha, kuti lendi yakukanikani, kuti pemphero likukuvutani, ndipo mupemphe awiri kapena atatu akupempherereni inuyo. Mudzamve gogo amene amakhala chete kumbuyo uja akutchula dzina lanu pamaso pa Mulungu. Koma foni ya ku Dowa ija iyambe, Loweruka lisanathe. Mukayankhulana ndi mayi, mundilemberenso.